N'chifukwa chiyani galimoto za ku Joni sizifanana ndi za kumudzi?

Funso lachokera kwa bambo wina wokhala ku Rosettenville, amene akusunga ndalama zogulira galimoto yoti ikagwire ntchito ku Malawi. Akuti: "Ndikapita kumudzi ndimangoona Sienta, Probox ndi Vanette paliponse, koma kuno ku Joni sizioneka. Kuno ndi Polo, Hilux ndi Quantum. Chaka chatha ndinagulira mlamu wanga pampu ya madzi ndi mabuleki a Toyota yake kuno, zitafika ku Lilongwe sizinalowe, chonsecho nayonso ndi Toyota. Zinayamba bwanji kuti South Africa izipanga galimoto zake pamene ife timangolandira za ku Japan? Nanga ndigule kuno kapena ndiitanitse?"

Achimwene, pampu ija sinalowe chifukwa dzina la pa boneti silinena zambiri. Galimoto iliyonse imapangidwira msika wake ndi malamulo a dziko lake, ndipo masipeya amatsatira msikawo, osati dzina la kampani. Kuti izi zimveke bwino tiyenera kubwerera kumbuyo ndithu.

Galimoto yoyamba yoyendera petulo imene anthu amaivomereza ndi ya Carl Benz wa ku Mannheim, ku Germany, amene analembetsa luso lakelo mu January 1886. Inali ya matayala atatu, injini ya silinda imodzi, ndipo ikathamangitsitsa inkafika makilomita 16 pa ola. Mu 1888 mkazi wake Bertha anaiyendetsa mtunda woposa makilomita 100 kupita ku Pforzheim, mafuta akugula kusitolo ya mankhwala chifukwa malo omwetsera kunalibe. Sipanatenge nthawi kuti ifike kuno: mu January 1897 galimoto ya Benz Velo inaonetsedwa ku Berea Park ku Pretoria, pulezidenti wa ku Transvaal wa nthawiyo, Paul Kruger, ali pomwepo.

Koma galimoto za nthawi imeneyo zinkapangidwa ngati mmene mmisiri amakhomera mpando. Chitsulo chilichonse ankachipala ndi tupa mpaka chikwane pamalo pake pa galimoto imeneyo yokha. Pisitoni ikasweka simukanapita kusitolo, munkafuna mmisiri woti akusulireni ina. Zinthu zinasintha pamene mafakitale a ku America anaphunzira kudula zitsulo pa muyeso umodzi wosaphonya. Mu 1908 kampani ya Cadillac inaonetsa zimenezi ku England: anamasula galimoto zitatu mpaka bawuti yomaliza, n'kusakaniza zitsulo zonse mulu umodzi, kenako n'kumanganso galimoto zitatu kuchokera pamuluwo, ndipo zonse zinaliza n'kuyenda. Sitolo iliyonse ya masipeya imene mumaiona mu Jules Street inabadwira pamenepo.

Chaka chomwecho Henry Ford anatulutsa Model T. Mu 1913, pa fakitale yake ya Highland Park, anatembenuza kagwiridwe ka ntchito. M'malo moti anthu azizungulira galimoto imene yaima, galimoto ndiyo inkayenda pa mzere, munthu aliyense ataima pamalo pake n'kumachita kanthu kamodzi kokha, wina kumanga tayala, wina kulowetsa bawuti, wina kuilimbitsa. Nthawi yomanga chasisi inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Mtengo unagwa kuchoka pa madola 850 kufika pa 260 pofika 1925, ndipo pomwe ankasiya kuipanga mu 1927 n'kuti zitatuluka zoposa 15 miliyoni. Ntchitoyo inali yotopetsa moti anthu ankangoithawa, n'chifukwa chake mu 1914 Ford anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku. Chomwe mugwirepo apa n'chakuti galimoto imatchipa pokhapokha mukupanga zambirimbiri za mtundu umodzi. Mfundo imeneyi ndiyo ikulamulirabe mpaka lero.

General Motors, motsogoleredwa ndi Alfred Sloan, inabweretsa nzeru ina: galimoto ya thumba lililonse, kugula pangongole, ndi kusintha maonekedwe chaka ndi chaka kuti ya dzana izioneka yakale. Apa ndiye panayambira mutu wopweteka wa makaniko aliyense, woti nyale ya chaka chino sikwana pa galimoto ya chaka chatha.

Tsopano tibwere kuno. Ford inayamba kumanga Model T ku Port Elizabeth, kumene lero kukutchedwa Gqeberha, mu 1924, m'nyumba yomwe kale ankasungiramo ubweya wa nkhosa. General Motors inatsatira mu 1926. Sikuti ankapanga galimoto kwenikweni. Zitsulo zonse zinkabwera m'mabokosi pa sitima ya pamadzi, ntchito ya kuno inali kulumikiza basi, n'chifukwa chake mafakitale oyambirira anali pafupi ndi doko. Volkswagen Beetle yoyamba inatuluka ku Uitenhage, lero Kariega, mu August 1951. Ku East London anayamba kumanga Mercedes-Benz mu 1958. Toyota inalowa mu 1961 kudzera mwa Albert Wessels amene anaitanitsa mapikapu a Stout, ndipo inakhazikika ku Durban. Mu 1973 BMW inatenga fakitale ya ku Rosslyn, kumpoto kwa Pretoria, n'kukhala fakitale yake yoyamba kunja kwa Germany.

Nkhani yeniyeni yagona pa lamulo lomwe boma linayamba kukhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, loti galimoto yomangidwa kuno ikhale ndi gawo la zitsulo zopangidwa konkuno, apo ayi msonkho ukhala wowawa. Gawolo linkakwera pang'onopang'ono mpaka kufika 66 pa 100 alionse, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankawerengera kulemera kwa zitsulo, osati mtengo wake. Ndiye makampani anathamangira kupanga zolemera: bodi, mabuloko a injini, masipuling'i, ma akiselo, magalasi, mabatire, matayala. Zing'onozing'ono zodula ankaitanitsabe kunja. Kuwerengera mtengo kunadzayamba mu 1989. Zaka pafupifupi 30 zimenezo zinabala mafakitale ambiri a masipeya, komanso zinabala galimoto zomwe kunja zimaoneka ngati za ku Japan kapena Germany koma m'kati muli zitsulo za kuno zokhazokha. Toyota ya ku Durban ndi Toyota ya ku Japan ndi ana a bambo mmodzi, koma anakulira m'makomo osiyana.

Lamulo lomwelo ndilo linachititsa kuti galimoto zina zikhalitse kuno pamene kwina zinaiwalika kalekale. Zikombole zachitsulo zodindira zitseko, denga ndi boneti zimadya ndalama zosaneneka, ndipo msika wa kuno ndi wochepa, choncho kampani ikagula zikombolezo imafuna kuzikama mpaka zithe. Golf yoyamba ya 1974 inapitirira kuno ngati Citi Golf kuyambira 1984 mpaka 2009. Kabaki ka Nissan 1400, komwe kanayamba ngati Datsun 1200 mu 1971, kanapangidwa mpaka 2008. Tazz, yomwe ndi Corolla ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inafika 2006. Polo Vivo ndi Corolla Quest ndi nzeru yomweyo. Kwa munthu wa ndalama zochepa zimenezi zinali zabwino kwambiri, chifukwa galimoto yopangidwa zaka 25 osasintha masipeya ake amapezeka ngakhale pa sikirapu ya ku Booysens, ndipo makaniko aliyense amaidziwa ngati chikhatho chake.

Tisaiwale anthu omwe ankagwira ntchito m'mafakitalewa. Pa nthawi ya tsankho, mabungwe a ogwira ntchito m'mafakitale a galimoto anali m'gulu la olimba mtima kwambiri, ndipo mu 1987 anagwirizana ndi ena n'kupanga bungwe limodzi lalikulu lotchedwa NUMSA. Mu 1990 ogwira ntchito ku Mercedes-Benz ku East London anamangira Nelson Mandela galimoto yofiira ya S-Class, akugwira maola owonjezera osalipidwa.

Pamene izi zinkachitika kuno, ku Japan kunkaphikidwa zina. Toyota inalibe ndalama zounjikira zitsulo m'nyumba zosungiramo katundu ngati Ford, ndiye injiniya wake Taiichi Ohno ndi anzake anakonza zoti chitsulo chilichonse chizifika pa mzere nthawi yomwe chikufunika, kuchuluka kwake komwe kukufunika. Anapatsanso wantchito aliyense mphamvu yokoka chingwe n'kuimitsa mzere akaona cholakwika, kuti vuto likonzedwe pomwe layambira, lisadikire kumapeto galimoto itamangidwa kale. Kulimba kwa Corolla, yomwe inayamba mu 1966, ndi Hilux ya 1968, kunachokera pa chingwe chimenecho. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, dziko lonse linatembenukira ku galimoto zing'onozing'ono za ku Japan zosamwa kwambiri. Njira ya Toyota ija ili ndi kuipa kwake: popeza sasunga katundu wambiri, pakaduka kanthu kamodzi fakitale yonse imaima. Tinaziona mu 2021 pamene tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto tinasowa padziko lonse, komanso mu April 2022 pamene madzi osefukira anatseka fakitale ya Toyota ku Prospecton kwa miyezi ingapo, anthu n'kumadikira Hilux ndi Quantum pa mndandanda.

Tsankho litatha, mu 1995 boma linabweretsa ndondomeko ya MIDP, yomwe inalowedwa m'malo ndi APDP mu 2013. Mfundo yake ndi yosavuta: kampani ikapanga zambiri kuno n'kumagulitsa kunja, imachotseredwa msonkho pa galimoto ndi zitsulo zomwe ikuitanitsa. Fakitale iliyonse inasiya kupanga mitundu khumi pang'onopang'ono n'kuyamba kupanga umodzi kapena iwiri yochuluka. BMW ku Rosslyn imapanga X3, Ford ku Silverton imapanga Ranger, Volkswagen ku Kariega imapanga Polo, Mercedes-Benz ku East London imapanga C-Class, Isuzu ku Gqeberha imapanga D-Max, ndipo Toyota ku Durban imapanga Hilux, Fortuner, Corolla Cross ndi minibasi. Dziko lino limatulutsa galimoto pafupifupi 600,000 pa chaka ndipo zoposa theka zimapita kunja. Pofuna kuteteza mafakitale amenewa, galimoto yatsopano yochokera kunja imalipira msonkho wofika mpaka 25 pa 100, ndipo kuitanitsa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kuti muigulitse kapena kuilembetsa kuno n'koletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera zofuna chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko. Ndicho chifukwa chake Sienta simuiona pa M1 ya kuno. Imafika ndithu pa doko la Durban, koma imangodutsa itakwezedwa pa lole, ulendo wa ku maiko oyandikana nawo.

Malawi inatenga njira ina chifukwa inalibe mafakitale oti iteteze. Ku Japan galimoto imayenera kukayezedwa ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako pamodzi ndi misonkho ndi zokonza kumaboola m'thumba, moti ambiri amagulitsa galimoto ikadali yabwino. Iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ndiye galimoto zawo zimangolowa m'misewu yathu popanda kusintha kanthu. Zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina pa Beira kapena Durban. Zambiri mwa izo, monga Sienta, Probox ndi Passo, anazipangira msika wa ku Japan, ndipo fakitale ya ku Durban sinazipangepo.

Nanga Malawi singapange zake? N'zovuta, koma osati chifukwa chosowa nzeru. Galimoto imodzi ili ndi tizitsulo pafupifupi 30,000 mukawerenga ndi mabawuti omwe, ndipo fakitale imafuna ogula zikwi makumi ambiri chaka chilichonse kuti ibweze ndalama za zikombole, kuwonjezera apo magetsi osazimazima ndi doko lapafupi. Anzathu anayesa: Willowvale ku Harare inkamanga Mazda, ku Livingstone ku Zambia ankamanga Fiat. Misika itatsegulidwa, galimoto yomangidwa pang'onopang'ono kuchokera m'mabokosi sinathe kupikisana ndi yotchipa yochokera ku Japan. Maganizo anga ndi akuti pomwe tingayambire ndi pa mabodi a malole ndi mabasi, ngolo, mabatire ndi kukonzanso injini ndi magiyabokosi mwaukadaulo, chifukwa zimenezi sizifuna ogula ochuluka chotero, ndipo amisiri ake tili nawo kale, ena ali konkuno m'magalaja a ku Selby ndi Jeppe.

Tsopano za pampu ya alamu anu. Musamagule sipeya potchula dzina la galimoto. Galimoto yopangidwira msika wa kunja kwa Japan ili ndi nambala ya VIN ya zilembo ndi manambala 17, yomwe imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo, pa chimango cha chitseko, ndi pa disiki ya laisensi. Zilembo zoyambirira zimakuuzani komwe inapangidwa. AHT ndi Toyota ya ku South Africa, AAV ndi Volkswagen ya ku South Africa, J ndi Japan, W ndi Germany, L ndi China, MA mpaka ME ndi India. Pa mfundo yomalizayi, Toyota Starlet yatsopano imene yadzaza m'misewu ya kuno imapangidwa ndi Suzuki ku India, ndipo m'kati mwake ndi Baleno. Galimoto ya msika wa ku Japan ilibe VIN yotere. Ili ndi nambala ya chasisi yaifupi, monga NCP81 kenako kamzere ndi manambala 7, yomwe ndi Sienta yoyamba. Pakachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pa chimango cha chitseko palinso dzina la injini, monga 1NZ-FE. Auzeni alamu ajambule kachitsulo kameneko, ajambulenso sipeya yakaleyo itagonekedwa pambali pa tepi yoyezera, mabowo a mabawuti akuoneka bwino, n'kukutumizirani pa WhatsApp. Za m'injini, monga mapulagi, sefa ya oyilo, pampu ya madzi ndi gasiketi, zimatsatira dzina la injini, ndipo nthawi zina zimapezeka kuno ngati injini yomweyo inagulitsidwapo m'galimoto ina. Za mabuleki, mashoko, nyale ndi bodi zimatsatira nambala ya chasisi, ndipo za Sienta kapena Probox n'zosavuta kuzipeza ku Lilongwe kapena Limbe kuposa kuno.

Pa funso loti mugule kuti, yang'anani ntchito yomwe galimotoyo ikagwire ndi komwe ikakhale. Ngati ndi yonyamula katundu, ya kumunda, kapena ya misewu yafumbi, gulani kuno. Hilux, D-Max ndi Quantum zimadziwika mbali zonse ziwiri, ndipo sipeya ikasowa kumudzi mukhoza kuikweza basi n'kufika m'masiku awiri kapena atatu. Ngati ndi kagalimoto koyendera m'tauni kapena konyamula anthu mtunda waufupi, ya ku Japan nthawi zambiri imatuluka yotchipa ndipo masipeya ake ali kale kumudzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chomwe sindingakulangizeni ndi kutumiza galimoto yodzaza makompyuta, kapena mtundu watsopano wa ku China, kudera komwe kulibe makina oyezera ndi wogulitsa masipeya ake. China ndiyo ikupanga galimoto zambiri padziko lonse kuyambira 2009, zoposa 30 miliyoni mu 2023, ndipo Haval, Chery ndi BYD zikulowa mwamphamvu kuno, koma masipeya amatenga zaka kuti atsatire galimoto kumadera akutali.

Pali zinthu zitatu zomwe zimapha galimoto zikawoloka malire, ndipo zonse zikuchokera m'mbiri yomweyi. Choyamba ndi dizilo. Injini zakale monga 5L ya Hilux zinali ndi pampu ya makina wamba yopirira mafuta akuda. Zatsopano, kuyambira injini za Toyota zotchedwa D-4D kupita m'tsogolo, zimapopa dizilo pa mphamvu yoposa mabaa 1,300 kudzera m'timabowo topyapyala ngati tsitsi. Madzi pang'ono, fumbi, kapena palafini wosakanizidwa m'mafuta a m'zigubu amakanda manozo (timilomo topopera dizilo m'injini) ndi pampu, galimoto n'kuyamba kuvuta kuliza m'mawa, kugogoda ndi kutulutsa utsi. Nozo yodontha ikasiyidwa imatha kuboola pisitoni. Sinthani sefa ya dizilo msanga kuposa mmene buku likunenera, khetsani madzi m'kapu ya pansi pa sefayo nyale yake ikangoyaka, ndipo pa injini za 2KD ndi 1KD lamba wa taimingi asapitirire makilomita 150,000. Injini za GD-6, zomwe zinabwera pambuyo pake, zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Chachiwiri ndi giyabokosi ya CVT yomwe ili m'galimoto zambiri zing'onozing'ono za ku Japan. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo amafuna oyilo wake wa CVT. Wina akathiramo oyilo wa otomatiki wamba, lambayo amaterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako imangolira osayenda. Kuidzaza anthu ndi matumba kupitirira muyeso pa zitunda kumafulumizitsa imfa yomweyo. Chachitatu n'chokhudza galimoto zakale za kabureta monga Tazz 1.3 ndi Nissan 1400. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100. Kabureta yotchunidwa kuti iziyenda bwino kuno ikatsikira ku Salima kapena Nsanje imalandira mpweya wambiri pa petulo wochepa, injini n'kumatentha ndi kulira ngati mwaponyamo timiyala. Ikafika, makaniko aitchunenso pamodzi ndi taimingi. Za jekiseni, zopanda kabureta, zimadzisintha zokha.

Mukaganiza zogula kuno, yambani ndi mapepala musanatsegule n'komwe boneti. Pa chikalata cholembetsera galimoto, cha NaTIS, pali mwini galimoto ndi mwini chikalata, ndipo ngati pachiwiripo palembedwa banki ndiye kuti ngongole sinathe, galimotoyo singatuluke. Onani kodi yake: Code 2 ndi yogwiritsidwapo ntchito wamba, Code 3 ndi yomangidwanso itachita ngozi yaikulu, ndipo imeneyo ifunika kuikweza pa jeke n'kuyang'ana ngati chasisi inawotcheredwa kapena kuwongoledwa. VIN ya pa galasi, ya pa chasisi ndi ya pa pepala zifanane chilembo ndi chilembo, nambala ya injini chimodzimodzi. Kuti ituluke m'dziko mufunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa, chilolezo cha ITAC chotulutsira galimoto, ndi mapepala a kasitomu a SARS odzera kwa ejenti wovomerezeka. Popanda zimenezi mukaima pa Beitbridge. Msonkho wa MRA umatengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu imalipira zambiri, choncho funsani chiwerengero chake musanapereke ndalama kwa wogulitsa, si mutafika kale pa Mwanza kapena Dedza. Ndipo wina akakutsatsani kuno Vitz kapena Honda Fit ya ku Japan yotchipa modabwitsa, ya nambala ya chasisi yaifupi ija koma ili ndi mapuleti a GP a kuno ku Gauteng, isiyeni. Nthawi zambiri imakhala yolowa mozemba, mapepala ake ndi achinyengo, ndipo apolisi akaipeza amailanda osabweza ndalama.